Zolemba za Ceph yanga: ndachotsa ndime zokalamba

Sabata ino sindinawonjezere disiki kapena kompyuta pa Ceph yanga, pulogalamu yosungira deta pa madisiki a makompyuta angapo ngati nkhokwe imodzi. Nthawi yonse yathera pa zolemba zofotokoza kayendetsedwe kake, chifukwa masamba ena anali atayamba kunama.

Zolemba zotere sizikalamba zonse pamodzi. Mfundo zikuluzikulu zikadali chimodzimodzi: njira yoŵerengera yotchedwa CRUSH ndi imene imasankha disiki yosungirapo chidutswa chilichonse cha deta, ndipo pool wamba (chigawo chosungiramo deta) amasunga makope 3, n'kumalolabe kulemba bola alipo 2. Zimene zimatha msanga ndi malamulo olemba pa terminal ndi manambala a ma port (makomo olumikiziranapo pa netiweki). Tsamba loyikira makina linkanenabe za ceph-deploy, chida chimene eni ake anasiya kuchisamalira, pomwe kuyambira version ya Ceph yotchedwa Octopus mu 2020 kuli china, cephadm. Ndime ya firewall (chotchinga chimene chimatsegula kapena kutseka ma port) inkatchula port 6789 yokha, chonsecho kuyambira version ya Nautilus mu 2019 ma monitor, mapulogalamu osunga mapu a makina onse, amalankhulanso pa 3300. Munthu wokhulupirira tsambalo akanatseka khomo limene makina akulifuna. 

Tsopano pamwamba pa tsamba lililonse ndalembapo version imene ndinayeserapo ndi tsiku lake. Tsamba lopanda tsiku sindilikhulupirira, ngakhale ndinalemba ndekha.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi kufufuta. Ndinali ndi tebulo la ma OSD onse (mapulogalamu oyang'anira disiki imodziimodzi), kukula kwawo ndi kompyuta imene ali. Tebulo lotere limalakwika tsiku lomwelo ukasintha disiki imodzi. Ndalichotsa, m'malo mwake ndalemba kuti woŵerenga ayendetse lamulo la ceph osd tree, makinawo anene okha. Ndasiya zokhazo zimene makina sangakuuze: chifukwa chake pool ya zithunzi ili ndi makope 3 osati erasure coding (njira yogawa deta m'zidutswa n'kuwonjezerapo zina zobwezeretsera zotayika), ndi chifukwa chake ma monitor alipo 3 osati 2, popeza aŵiri sangapange quorum (kugwirizana kwa oposa theka) mmodzi akafa.

Zolembazo zili mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo, limodzi ndi mafayilo a config (okonzera makina), kuti kusintha kumodzi kuzikhudza zonse ziŵiri. Kope lina ndalisunga kunja kwa Ceph. Tsiku limene idzagwe ndi lomwe ndidzafune malangizowo kwambiri.

Latsala tsamba losinthira disiki yakufa. Ndikufuna kuzula disiki imodzi dala, nditsate mzere ndi mzere kuyambira pa lamulo la ceph osd out mpaka ceph health itanena HEALTH_OK (kuti zonse zili bwino), osagwiritsa ntchito chilichonse chimene sichinalembedwe.