Kusandutsa laputopu yakale kukhala nkhokwe ya nyimbo za pakhomo

Nyimbo zomwe mwachita download pa Spotify ndi zobwereka. Zimakhala zotsekeredwa mkati mwa app, simungazikopere pa flash, ndipo foni ikatha masiku 30 osalowa pa intaneti zimaleka kulira. Kumvera mwachindunji nakonso kumadya bandulo: ola limodzi pa mawu omveka bwino kwambiri (320 kbps) ndi pafupifupi 144 MB, pa mawu otsikirapo (96 kbps) ndi 43 MB. N'chifukwa chake nyimbo zomwe ndimabwereza tsiku ndi tsiku, makamaka zimbale za makwaya zomwe sizipezeka n'komwe pa intaneti, ndimazisunga pakhomo.

Ndimagwiritsa ntchito laputopu yakale, ma hard drive awiri a 1 TB ndi rauta ya Wi-Fi. Laputopu ndimaikonda kuposa Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono kopanda batire, chifukwa cha batire lake: magetsi akathima mwadzidzidzi, disiki siidulidwa ili pakati polemba, zomwe zimawononga mafayilo. Mukalumikiza drive n'kuona 931 GB musaganize kuti akuberani, ndi mmene Windows imawerengera 1 TB. Ndimachita format, kutanthauza kusankha kasungidwe ka mafayilo pa drive, ku NTFS, kapena exFAT ngati drive izilowanso pa Mac. FAT32 ndimaipewa chifukwa imakana fayilo yoposa 4 GB, vidiyo ya ukwati siingalowe.

Kenako ma CD. Ndimapukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira, chifukwa kukala kotsata mzere wa nyimbo ndiye kumadumphitsa. Ndimakopera ndi pulogalamu ya Exact Audio Copy pa Secure Mode, yomwe imawerenga mobwereza malo okalika mpaka itatsimikiza. Imachedwa, koma ndi ntchito ya kamodzi. Ndimasunga ngati FLAC, mtundu wa fayilo wosadula kalikonse pa nyimbo: chimbale chimodzi chimatenga 300 mpaka 400 MB ndipo mawu satayika. Koma yambani mwatsegula CD ija pa kompyuta. Ambiri a mumsika amakhala ndi mafayilo a MP3 kale, amenewo ingokoperani mmene alili. Kuwasandutsa FLAC n'kungotupitsa fayilo, zomwe zinadulidwa sizibwerera.

Pomwe pamapita nthawi yambiri ndi pa ma tag, mayina obisika mkati mwa fayilo. Pulogalamu ya MusicBrainz Picard imadzaza yokha pa zimbale zodziwika, koma zambiri za kwathu kuno sizili m'kaundula wake, ndiye ndimalemba pamanja: woimba, chimbale, chaka, nambala ya nyimbo. Malo a Album Artist, dzina la mwini chimbale chonse, musawasiye opanda kanthu. Mukatero, chimbale chimodzi chokhala ndi oimba alendo chimagawanika patatu kapena panayi. Kalembedwe ka dzina kakhalenso kamodzi. Chilembo chimodzi chikasiyana, pulogalamu imayesa ndi anthu awiri. Mafoda ndimawakonza motere: foda ya woimba, mkati mwake ya chimbale, mkatimo mafayilo oyamba ndi 01, 02, ndi chithunzi chotchedwa cover.jpg. Ziro wakutsogoloyo ndi amene amaletsa nyimbo ya 10 kubwera isanafike ya 2.

Ndikatha ndimaika pa laputopu Jellyfin, pulogalamu yaulere yotumiza nyimbo ku mafoni, n'kuilozera ku foda ya nyimbo. Pa foni ndimaika Finamp, app yomverera nyimbo za mu Jellyfin, n'kulembamo adiresi ya laputopu ndi 8096 kumapeto, monga 192.168.1.20:8096. Zonsezi zimayenda pa Wi-Fi ya m'nyumba ngakhale rauta ilibe bandulo.

Zikakana, kawirikawiri ndi chimodzi mwa izi. Rauta ikazimitsidwa imatha kupatsa laputopu adiresi ina, choncho ndimalowa m'ma settings ake pa DHCP, gawo logawa ma adiresi, n'kumangirira adiresiyo ku laputopu. Windows imatsekereza mafoni ngati Wi-Fi yalembedwa Public, isintheni ikhale Private. Laputopu imagona mukatseka chivindikiro, pokhapokha mutasankha Do nothing pa Power Options. Ndipo foni ikaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti imathawira ku data ya SIM mwakachetechete. Zimitsani data, ilumikizana.

Drive yachiwiri ija ndi ya kope. Kamodzi pa mwezi ndimailumikiza n'kuthamangitsa FreeFileSync, pulogalamu yokopera mafayilo, pa Update. Njira yake ina, ya Mirror, ndimaiopa: mwana akafufuta foda mwangozi pa drive yoyamba, imakafufutanso pa yachiwiri. Ikamaliza ndimachita Eject, kuzula, n'kuika m'kabati pamalo ouma. Nthawi ya dzinja mphenzi ikadutsa mu soketi imatenga chilichonse cholumikizidwa, kope lomwe.

Za paulendo ndimasankha zimbale mu Finamp n'kuchita download ndili pakhomo. FLAC imadzaza foni msanga, zimbale 30 zatha 10 GB, choncho za pa memory card ndimazisandutsa MP3 ya 192 kbps, ya FLAC n'kutsala pa drive.