Talowa m'nyumba ku Chigumula, zikomo nonse

Usiku wachitatu uno tikugona m'nyumba yathu. Penti ikununkhabe, makatani sitinapachike, thupi likuphwanya paliponse, koma ndati ndisagone ndisanathokoze. Ambuye alemekezeke. Amene munali nafe mukudziwa zomwe tinaona kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, khoma lili m'mawindo, ndiye sindibwereza.

Afolomani athu, bambo inu, ndiyambe ndi inu. Dzina sinditchula poti simukonda zotchuka. Tsiku loyamba munatenga bajeti yathu n'kuseka, munati iyi ndi bajeti ya chigoba. Munanena zoona. Ambirife timawerengera simenti, mabuloko, matabwa ndi malata basi, n'kuiwala ndalama yovomerezetsa pulani ku khonsolo, yolumikizitsa madzi ndi magetsi, septic tank ndi soak pit yake, mlonda, ndiponso galimoto yotuta mchenga ndi kwale. Munatiuza kuti pa K100 iliyonse tiziikapo K20 yapadera yosakhudza. Ndi imeneyo inatiwolotsa mitengo itakwera.

Munatiphunzitsanso kagulidwe. Malata, zitsulo, mawaya ndi mapaipi gulani msanga ndalama ikapezeka, siziwola. Simenti ayi. Thumba likakhala miyezi itatu limayamba mibulu, makamaka kuno kwa chinyezi, ndipo lizikhala pa matabwa, osati pansi kapena kutsamira khoma. Mabuloko aja a masentimita 40 m'litali ndi 20 msinkhu amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita imodzi, n'kuonjezapo asanu pa 100 alionse chifukwa ena amasweka potsitsa. Tinawerengera choncho ndipo anatsala ongokwana wilibala imodzi.

Koma chomwe sindidzaiwala ndi nkhani ya madzi otentha. Ife tinkati giza tidzaiganizira tikalowa. Inu munakana, munati nkhani imeneyi imathera pa pulani, pulasitala asanayambe. Giza yamagetsi ndi yotchipa pogula, koma kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7, tsiku ndi tsiku. Pa mwezi ndi mayunitsi opitirira 200 a kusamba kokha. Ya sola imapweteka m'thumba kamodzi. Vuto lake ndi chiperoni. Mu Juni ndi Julaye mitambo imatha kutseka masiku atatu osaona dzuwa, ndiye munati tigule ya sola yokhala ndi elementi yamagetsi mkati, yoyatsa masiku oterowo basi. Elementiyo ikhale ndi bureka yakeyake ndi waya wake wochokera ku bokosi, osati kuba pa soketi ya kuchipinda. Zimenezo ndi zomwe zimasungunula mawaya m'denga.

Ndipo taonani zomwe mukanapanda kunena tikanalira nazo. Thanki ya malita 150 ikadzaza, pamodzi ndi machubu agalasi otenthetsa madzi padzuwa ndi chimango chake, imapitirira makilogalamu 200, ndiye matabwa a denga pamalo pamenepo munawaphatikiza awiriawiri, kulemerako n'kugwera pa khoma. Machubu ayang'ane kumpoto, poti miyezi yozizira dzuwa limadutsa mbali imeneyo. Mapaipi a madzi otentha akhale a PPR, apulasitiki opirira kutentha, chifukwa apulasitiki wamba a PVC amafewa n'kuyamba kudontha m'khoma, kenako mukugumula matailosi. Bafa ndi khitchini munaziyandikizitsa pa pulani kuti paipi ikhale yaifupi, apo ayi mumataya ndowa yathunthu kudikira kuti madzi afunde. Ndipo machubu akakhala opanda madzi padzuwa, musawathire madzi ozizira masana, amaphulika. Dzazani m'mamawa kapena usiku.

Za kufunda kwa nyumba munangoti denga ndiye bulangeti. Pansi pa malata munayala pepala lonyezimira lija lotchinga kutentha, siling'i n'kutseka bwino osasiya mipata m'mbali. Mawindo aakulu munawaika kumpoto, mbali ya kum'mwera chakum'mawa komwe kumachokera mphepo ya chiperoni munaikako ang'onoang'ono. Malo osonkhapo moto pabalaza tinawafuna, koma mutatiwerengera mtengo wa chumuni yoti ipitirire msonga ya denga kuti utsi usamabwerere, kuphatikiza nkhuni za chaka ndi chaka, tinaona kuti n'zongodzionetsera. Hita yamagetsi ya 2 kW nayonso imadya mayunitsi awiri pa ola, yoyatsa pang'ono chabe. Chomwe munatilumbiritsa n'chakuti mbaula isalowe kuchipinda. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, munthu amangogona osadzukanso. Abale, imeneyi muuzeko ena, nyengo yozizira ino.

Mayi akunyumba, zikomo chifukwa cha kope lija lomwe munkalembamo ngakhale misomali ya theka la kilo. Alamu anga amene munabwereka lole kawiri osalandira ya mafuta, amayi a banki m'khonde, amayi a Mvano amene munabwera kudzapemphera pa maziko, amayi otunga madzi amene munathirira konkire masiku asanu ndi awiri osajomba, Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsa. Ena aja mafoni anu ankangoitana osayankhidwa nthawi ya malata, lero mwayamba kufunsa ngati kuli chipinda cha alendo. Chilipo, koma bedi mulibe.

Afolomani, ndibwererenso kwa inu. Miyezi inayi ija ntchito itaima simunapite ndi zida zathu, simunatitukwane, munkabwera Loweruka kudzaona ngati pulasitiki yophimba khoma sinauluke. Ndalama yanu yotsala ndimaliza mwezi uno ukatha, ndalemba pano kuti anthu onse akhale mboni.

Mapemphero olowera nyumba ndi Loweruka likubwerali, 2 koloko masana. Mipando ndi yochepa, amene muli ndi mkeka bwerani nawo. Juzi musaiwale.