Chikwama cha achemwali chikadali pakhomo

Lachinayi, usiku.

Mvula inayamba cha m'ma 2 koloko usiku wathawu, yamkuntho, yogunda padenga ngati miyala. Nditadzuka kukamwa madzi ndinapeza achemwali ali khale pampando pafupi ndi chitseko, nsapato kuphazi, chikwama chija pamiyendo. M'chikwamamo mumakhala ziphaso, mapepala a sukulu a ana, tochi ndi mankhwala awo. Patha zaka zitatu chichitikireni ngozi ya madzi osefukira amene anatikokolera nyumba, koma chikwamacho sichinamasulidwepo. Sindinawafunse kanthu. Ndinangokoka mpando wina n'kukhala nawo mpaka mvula itakata.

Kutacha ndinapita kukaona amalume kumalo kumene anawasamutsira. Nyumba yawo ndi yolimba kuposa yakale ija, ili pamtunda, madzi sangafikepo. Koma ndinawapeza okhaokha pakhonde, wailesi ili zii. Nditawapatsa moni anati, "Tadzuka, mphwanga. Koma kuno ukatsokomola usiku, palibe amene amazindikira kuti chifuwacho ndi chako." Anayamba kutchula anansi awo akale mmodzimmodzi: uyu anapita kwa ana ake, uyu anamupatsa malo kutali, uyu sakudziwika kumene ali. Za katundu amene anapita ndi madzi sananenepo n'kamodzi komwe.

Mawu awowo anandikumbutsa za Buffalo Creek ku West Virginia, dziko la America. Pa 26 February 1972 damu la zinyalala za mgodi wa malasha linaphulika, anthu 125 anafa ndipo pafupifupi 4,000 anasowa pokhala. Opulumuka ambiri anawaika m'misasa mosayang'ana kuti ankakhala moyandikana ndi ndani. Kai Erikson, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu amene anacheza nawo, anaona kuti mabala anali awiri. Lina linali la munthu payekha: mantha, maloto oipa, kudzidzimuka. Lina linali la mudzi wonse, pamene ulusi womanga anthu pamodzi waduka. Bala lachiwirili silioneka msanga, ndipo ndi limene ndinaliona pakhonde paja lero.

Pobwerera ndinakumana ndi mnzanga wina amene amakonda kunena kuti ngozi ija inatikhwimitsa tonse. Sindimutsutsa kotheratu. Anthu ambiri amadzukadi. Kafukufuku wa ku Manhattan, dera la mumzinda wa New York ku America, anapeza kuti patatha mwezi umodzi kapena iwiri chichitikireni chiwembu cha zigawenga cha pa 11 September 2001, anthu 7.5 pa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro za PTSD (vuto la mantha ndi nkhawa zosatha limene limabwera munthu akadutsa m'zoopsa), koma pofika miyezi 6 sanakwane ngakhale mmodzi pa 100. George Bonanno, katswiri wa za maganizo wa ku Columbia University, wakhala akusonyeza kuti kupirira ndiyo njira imene anthu ochuluka amadutsamo tsoka likagwa. Richard Tedeschi ndi Lawrence Calhoun, m'zaka za m'ma 1990, analemba za anthu amene amati atadutsa m'moto anayamba kuyamikira moyo, kukonda abale awo mozama, ndi kuzindikira mphamvu zimene sankadziwa kuti ali nazo. Komatu akatswiri omwewo ananena kuti kukula kotereku kumakhalira limodzi ndi ululu, sikuufufuta. Achemwali ndi amene amasonkhanitsa amayi anzawo kukazonda odwala masiku ano, chinthu chimene kale sankachita, ndipo ndi omwewonso amene amavala nsapato mvula ikagwa usiku. Zimandipweteka munthu akawauza kuti "limbani mtima, zinapita zimenezo", ngati kuti mantha awo ndi ulesi.

Ndinamuuza mnzangayo kuti mawu akuti "zatikhwimitsa" ayenera kutuluka pakamwa pa mwini bala. Anakhala chete pang'ono, kenako anandiuza kuti iyenso salola mwana wake kuyandikira mtsinje mpaka lero. Aka kanali koyamba kundiuza zimenezi.

Buku la World Health Organization la mu 2011 lokhudza thandizo loyamba la maganizo limatchula zinthu zitatu: kuyang'ana, kumvetsera ndi kulumikiza munthu kwa anthu ake ndi ku thandizo limene akufuna. Limachenjezanso kuti tisakakamize munthu kufotokoza zimene anaona. Chachitatucho ndi chimene ndinachinyalanyaza zaka zonsezi. Ndinkawatengera amalume zinthu, osaganiza zowabwezera anthu awo.

Madzulo ano ndakhala ndikuimba mafoni. Pa anthu asanu ndi mmodzi amene amalume anatchula, ndapeza manambala a awiri. Mmodzi ndi bambo amene ankakonza nawo njinga pansi pa mtengo. Ndawalumikiza cha m'ma 7 koloko, ndipo amalume andiimbira pambuyo pake, mawu akunjenjemera, kundiuza kuti mnzawoyo abwera Loweruka.

Kunja kwayambanso kuwaza. Achemwali atenga chikwama chawo, ndipo ine ndikukaika mpando wanga pafupi ndi wawo.