Kuphunzira u-dietitian mutatsiriza digiri yoyamba: zofunika kuzidziwa musanalembetse

Achinyamata ambiri amene anatsiriza digiri ya Nutrition kapena Food Science amafunsa funso limodzimodzi: ndikachita Masters, ndidzakhala dietitian? Zimatengera Masters yakeyo. Digiri yachiwiri ya Human Nutrition kapena Public Health Nutrition ndi yabwino ndithu, ndipo dziko likuwafuna anthu otere, koma siikupatsani chilolezo choima pambali pa bedi la wodwala impso n'kulemba m'failo kuti adye chiyani, chochuluka bwanji, kangati pa tsiku. Nutritionist ntchito yake yaikulu ili m'madera, m'masukulu ndi m'mapulogalamu othana ndi kunyentchera. Dietitian ndi wachipatala. Chakudya kwa iye ndi gawo la chithandizo cha wodwala mmodzimmodzi, ndipo kuno kwathu amalembetsa ku Medical Council of Malawi, komwe amalembetsanso madokotala.

Ntchitoyi ndi yatsopano m'Malawi muno. Mpaka 2016 munthu wofuna kukhala dietitian ankayenera kukaphunzira kunja. M'chaka chimenecho LUANAR, ku Bunda, inayambitsa maphunziro a Clinical Dietetics a anthu amene ali kale ndi digiri, mogwirizana ndi College of Medicine ndi Tufts University ya ku America. College of Medicine ija lero ili mu KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), kuyambira 2021. Choncho mukaona sukulu iliyonse ikulengeza kosi ya zakadyedwe, ya m'dziko muno kapena ya pa intaneti, funsani zinthu zitatu musanalipire khobidi: kodi NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, imaizindikira, kodi Medical Council idzakulembetsani mukamaliza, nanga muli nthawi yochuluka bwanji yogwira ntchito mu wodi moyang'aniridwa ndi dietitian wolembetsedwa? Kosi yopanda wodi siitulutsa dietitian, ngakhale dzina lake likome bwanji.

Osankha ophunzira amayang'anitsitsa magiredi a biochemistry ndi physiology, ndipo pali chifukwa chake. Maphunzirowa sabwerezanso za magulu asanu ndi limodzi a zakudya; amayamba poganiza kuti mukudziwa kale zimene insulini imachita, mmene impso zimasefera magazi, ndi chimene chimachititsa kuti wodwala chiwindi atupe mimba. Amene anangodutsa mwamwayi m'maphunziro awiriwa amavutika kuyambira mwezi woyamba. Ngati muli ndi miyezi ingapo musanayambe, bwererani ku mabuku amenewo, ndipo zolowerani kuwerenga zotsatira za magazi: shuga, potaziyamu, sodiyamu, creatinine, urea, hemoglobini.

M'kalasi mudzaphunzira njira imodzi imene mudzaigwiritse ntchito moyo wanu wonse: kumuunika wodwala, kutchula vuto lake la kadyedwe, kukonza chochita, kenako kulondoloza ngati zikuyenda. Papepala n'zosavuta. Mu wodi, wodwala sangathe kuimirira pa sikelo, ndiye msinkhu wake muuyerekeze poyeza fupa la mkono kuchokera pa chigongono kufika pa mfundo ya dzanja. Wina watupa miyendo, sikelo ikuwerengera madzi pamodzi, BMI yake (kulemera poyerekeza ndi msinkhu) ikuoneka yopitirira 18.5, ngati kuti ali bwino, pamene munthuyo watha. Apa tepi ya MUAC, yoyezera kunenepa kwa mkono wa kumtunda, ndi maso anu zimanena zoona kuposa sikelo: yang'anani m'mbali mwa chipumi, m'mapewa, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, muone ngati mnofu ulipo.

Cholakwa choopsa kwambiri chimene ophunzira amachita chimachokera ku chifundo. Tiyerekeze bambo wa makilogalamu 50 amene watha masabata awiri osadya kanthu. Kuwerengera makalori 30 pa kilogalamu kukupereka 1,500 pa tsiku, ndipo mtima umafuna kumupatsa onsewo lero lomwe. Zimenezo zikhoza kumupha. Thupi lokhalitsa ndi njala likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, insulini imakwera n'kukokera fosifeti, potaziyamu ndi magineziyamu m'maselo. M'magazi zimatsika, mtima umayamba kugunda mosokonekera, madzi amadzaza m'mapapo. Munthu wotere amayamba ndi makalori pafupifupi 10 pa kilogalamu, kutanthauza 500 pa tsiku, atalandira kaye vitamini B1, kenako n'kumawonjezera pang'onopang'ono kwa masiku anayi mpaka asanu ndi awiri uku magazi akuyezedwa. Ndipo musaiwale gadiyani. Akabwera ndi kontena ya nsima ndi botolo la thobwa, masamu anu onse atha pomwepo, pokhapokha mutakhala naye pansi n'kumufotokozera mwaulemu chifukwa chake wodwala wawo akupatsidwa pang'ono.

Ku NRU, wodi ya ana onyentchera, mfundo yake ndi yomweyo. Mwana wa miyezi 6 mpaka 59 amene MUAC yake siikufika masentimita 11.5, kapena watupa mapazi onse awiri, ndi wonyentchera kwambiri. Ngati alinso ndi matenda ena kapena wakana chiponde, amagonekedwa n'kuyamba ndi mkaka wa F-75, umene uli ndi makalori 75 ndi mapuloteni osafika galamu imodzi pa mamililita 100. Mlingo wake ndi mamililita 130 pa kilogalamu pa tsiku: mwana wa makilogalamu 6 alandire 780, ogawidwa kakhumi ndi kawiri, 65 maola awiri aliwonse, usiku womwe. Mkaka wa usiku ndi umene umadumphidwa kawirikawiri, ndipo ndi nthawi yomweyo imene shuga amatsika mwana n'kuzizidwa. F-75 cholinga chake si kunenepetsa ayi, koma kukhazikitsa thupi. Kunenepa kumadza pambuyo ndi mkaka wa F-100 kapena chiponde, chimene paketi yake ya magalamu 92 imapereka makalori 500. Ayironi saperekedwa masiku oyambirirawo ngakhale mwana akhale wochepa magazi, chifukwa amalimbikitsa tizilombo.

Chimene mabuku ochokera kunja sangakuphunzitseni ndi nsima. Mabukuwo amawerengera chakudya cha wodwala shuga m'magawo a magalamu 15 a kabohaidireti, n'kumapereka zitsanzo za buledi ndi pasita. Wodwala wanu amadya zipande. Ndiye chitani izi kunyumba musanalowe mu wodi: yezani magalamu 500 a ufa, phikani monga mwa masiku onse, muwerenge zipande zimene zatuluka. Zikatuluka zisanu, chipande chilichonse chanyamula magalamu 100 a ufa, amene ali ndi kabohaidireti pafupifupi magalamu 75, ndiwo magawo asanu. Munthu wodya zipande zitatu masana wadya magawo 15 nthawi imodzi. Mukazichita ndi manja anu, simudzauzanso wodwala kuti "muchepetse nsima" basi. Mudzamuonetsa chipande chake. Anthu ambiri a shuga anauzidwa kuti mgaiwa angadye mmene afunira. Mgaiwa ndi wabwinopo chifukwa cha gaga wake, komabe umakweza shuga ukachuluka.

Kwa wodwala impso zinthu zimatembenuka, ndipo apa m'pamene pamaoneka kusiyana kwa dietitian ndi wongolangiza za kudya bwino. Mgaiwa uja uli ndi fosiforasi ndi potaziyamu wambiri kuposa ufa woyera, choncho kwa odwala ena ufa woyera ndiwo umawayenera. Nthochi, mapeyala, mbatata, tomato, zonse timazitama, koma potaziyamu akakwera m'magazi ziyenera kuchepetsedwa. Mbatata ndi masamba aziduladula, aziwiritse m'madzi ambiri n'kutaya madziwo. Funsani za chidulo. Phulusa lili ndi potaziyamu wochuluka, soda ali ndi sodiyamu, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti amathira m'therere mukapanda kufunsa. Mapuloteni nawo amasintha: amene sanayambe dayalisisi (kusefa magazi ndi makina) amapatsidwa magalamu 0.6 mpaka 0.8 pa kilogalamu, pamene ali pa makina, monga ku Kamuzu Central kapena ku Queens, amafunika 1.0 mpaka 1.2. Kusokoneza awiriwa ndi kulakwa kofala pa mayeso, ndipo mu wodi kumafooketsa munthu.

Odyera m'chubu ndi phunziro linanso. Chakudya cha m'mabotolo chopangidwiratu n'chodula ndipo sichipezeka nthawi zonse, ndiye mudzafunika kudziwa kukonza phala la Likuni lothira mkaka ndi mafuta, losefedwa bwino. Likalimba limatseka chubu. Mukalisungunula kwambiri, wodwala amakhuta madzi. Luso lake ndi kudziwa makalori amene ali mu mililita iliyonse. Chubu chitsukidwe ndi madzi aukhondo musanadyetse komanso mutadyetsa, mutu wa bedi ukwezedwe madigiri 30 kapena kupitirira kuti chakudya chisalowe m'mapapo, ndipo phala lotsala lisadikire mpaka madzulo.

Za nthawi ndi ndalama, musadzinamize kuti mudzaphunzira uku mukugwira ntchito. Za m'kalasi mwina n'kutheka, koma wodi imafuna munthu m'mawa uliwonse pamene madokotala akuzungulira. Pemphani tchuthi cha maphunziro nthawi ikadalipo, ndipo pa bajeti muikepo nyumba ya pafupi ndi chipatala, thiransipoti, ndi katemera wa hepatitis B. Ngati kosi yanu ili ndi kafukufuku, sankhani mutu msanga, chifukwa simungakhudze wodwala kapena failo yake musanalandire chilolezo ku komiti yovomereza kafukufuku monga NHSRC kapena COMREC, ndipo ambiri amachedwa kumaliza chifukwa cha chimenechi. Funso laling'ono la mu wodi imodzi limatheka. La dziko lonse limakusiyani panjira.

Ofuna kukaphunzira kunja adziwe kuti dziko lililonse lili ndi khomo lake. Ku Britain kuli Masters ya zaka ziwiri ya anthu amene ali ndi digiri ya sayansi, yokhala ndi maola osachepera 1,000 a m'chipatala, ndipo iyenera kukhala yovomerezedwa ndi HCPC, bungwe losunga kaundula wa ma-dietitian kumeneko; mayunivesite omwewo amakhalanso ndi Masters ina ya Nutrition ya chaka chimodzi imene siifikitsa ku kaundulayo, ndiye werengani bwino dzina la kosi. Ku South Africa njira yodziwika ndi digiri ya zaka zinayi, kulembetsa ku HPCSA (bungwe lolembetsa a zaumoyo kumeneko), ndi chaka chotumikira m'zipatala za boma. Ku America, kuyambira Januwale 2024, munthu salemba mayeso a u-dietitian opanda digiri yachiwiri. Kulikonse kumene mungapite, sungani buku la maola anu a mu wodi losainidwa ndi okuyang'anirani, pamodzi ndi ndondomeko ya phunziro lililonse, chifukwa pobwera kudzalembetsa kuno mapepala amenewo ndi amene adzakuyankhulireni.