Nambala puleti yomata pa MX-5 yanga: inagwa kamodzi, pano yagwira

Papita masabata atatu ndisanalembeko za nkhalamba yanga ija. Amene mwangotipeza kumene, ndi Mazda MX-5 ya 1994, ija ya maso otsinzina, nyali zake zimachita kudzuka m'boneti ukaziyatsa. Ndinaigula chaka chatha kuno ku Leeds, ku England, ndipo ndimaisisita Loweruka lililonse. Mabuleki anatheka, denga lansalu linasiya kudontha. Ulendo uno ndimati ndigwire kantchito ka mphindi khumi basi, koma kandidyera masabata awiri.

Vuto linali puleti yakumbuyo. Mwini wake woyamba anaiboola ndi dirilo n'kumanga masikuluwu mothinitsa, ndiye inang'aluka kuyambira pa bowo. Mapuleti a kuno amakhala zigawo zomatana, pamwamba pulasitiki yoonekera mkati, pansi pake chipepala chonyezimira pomwe pali zilembo. Madzi akangopeza polowera amayenda pakati pa ziwirizo, kenako pamabuka mabanga akuda ngati chuku. Banga lina linali litafika pa M woyambirira wa nambala, chilembo chomwe chimaulula kuti galimotoyi inalembetsedwa pakati pa Ogasiti 1994 ndi Julayi 1995. Ku MOT, komwe amayeza galimoto chaka ndi chaka, puleti yosawerengeka bwino ndi chifukwa chokwanira chokubwezera. Yanga ikukayezedwa mu Epulo. Ndinatsimikiza kuti yatsopano sindiboola, ndingomata.

Kuno puleti sugula ngati tomato. Wogulitsa amayenera kukhala wolembetsedwa ku DVLA, bungwe la boma lolembetsa magalimoto, ndipo amafuna chiphaso chako ndi umboni woti nambalayo ndi yako. Ine ndinanyamula layisensi ndi V5C, imene kwathu tingati bulubuku. Ndinangogula zonse ziwiri, yoyera yakutsogolo ndi yachikasu yakumbuyo, mamilimita 520 mulitali ndi 111 mulifupi. Zilembo zake n'zotalika mamilimita 79, ndipo m'munsi muli dzina la wogulitsa, positikodi yake ndi kachizindikiro ka muyezo wa mapuleti, BS AU 145e, kamene kamafunika pa mapuleti onse oikidwa kuyambira pa 1 Seputembala 2021.

Ndiulule, mtima unali pa zina. Anzathu ambiri a MX-5 amachotseratu puleti yakutsogolo n'kumata yasitika pamphuno penipeni, monga ankachitira pa Jaguar E-Type ija ya m'ma 1960. Imakongola, osanama, ndipo mphepo imalowa bwino ku rediyeta. Koma lamulo limafuna puleti iimirire chilili momwe ingathere, osati kugona chagada pamphuno, ndipo masitika ambiri amene ndinawaona analibe kachizindikiro kaja. Chindapusa chake chimatha kufika £1,000. Ine ndi mlendo m'dziko la eni, sindingachite kumupatsa wapolisi chifukwa chondiimitsira. Ndinasankha puleti yolimba yomweyi, yomata ndi timapadi ta guluu mbali zonse ziwiri.

Loweruka loyamba lija, chakumapeto kwa Febuluwale, kunja kunali madigiri 4. Zala zitauma, ndinamasula yakale ija, kupukuta pamalopo ndi kansanza konyowa, kumata timapadi sikisi tomwe anandipatsa ulere kushopu, n'kudinikiza kamodzi. Inaoneka yagwira. Pasanathe theka la ola ndinali nditaliza injini, ulendo wokagula ufa ku Bradford. Pobwera, ndisanatsike n'komwe, ndinangoona aneba anga, bambo wachikulire amene kale anali makaniko wa mabasi, ataima pageti puleti yachikasu ili m'manja. Akuti inagwera pa hampu yoyamba yeniyeni, mamita ochepa kuchoka pakhomo. Ndiye kuti ku Bradford konse kuja ndinapita ndi kubwera kumbuyo kuli mbulanda.

Mayi akunyumba anangosuzumira pawindo n'kuti, "Bambo, si inu munkati masikuluwu ndi achikale?" Ndinangolowa ndi ufa wanga, osayankha.

Madzulo ndinaitembenuza puleti ija, ndipo inandiuza yokha pomwe panalakwika. Timapadi tonse sikisi tinali nganganga ku puleti, kugalimoto sikunatsale ngakhale kachidutswa. Mbali yomwe inakhudza galimoto inali yoterera, yosanata n'komwe. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti sabata yam'mbuyo mwake ndinapaka polishi galimoto yonse, mpaka pakati pa nyali zakumbuyo. Polishi ntchito yake n'kukaniza chilichonse kukakamira pa penti, ndiye ine ndinamata guluu pamwamba pa phula. Kuzizira kunangomalizitsa. Ndinakawerenga malangizo a kampani ya 3M a tepi yawo yomata mbali zonse ziwiri ya VHB, poti guluu wamtunduwu khalidwe lake n'lofanana. Amati umagwira bwino pakati pa madigiri 21 ndi 38, ndipo pa mitundu yambiri salimbikitsa kumata kukazizira kuposa madigiri 10, chifukwa guluu amalimba osalowerera m'timaenje ta penti. Komanso mphamvu siibwera nthawi imodzi: theka pakatha mphindi 20, pafupifupi yonse pakatha tsiku, yonse yathunthu pakatha maola 72. Ine ndinaipatsa mphindi makumi awiri m'chisanu, kenako hampu.

Loweruka lachiwiri aneba aja anandibwereka galaja yawo, muli kahita. Ndinalowetsa galimoto m'mawa kuti ifundire limodzi ndi mapuleti. Yakutsogolo yakale inali yomata kale, ndipo aneba anandiletsa kuikanula ndi sikuludiraiva. Anandipatsa twayini wowedzera nsomba, ndinamulowetsa kuseri kwa puleti n'kumakoka uku ndi uku ngati ndikucheka, mpaka inagwa yokha penti osakandika. Zotsalira za guluu ndinazifewetsa ndi dulaya ya tsitsi ya mayi, n'kumazikulunga ndi chala chachikulu. Chala chinatuluka thuza, koma zinachoka. Ena amathirapo mankhwala opopera a WD-40, ndipo zoona amasungunula, koma amasiya mafuta, ndiye wangobwerera pa vuto lomwe lija la polishi. Chomaliza kukhudza penti chiyenera kukhala sipiriti wa isopropyl, wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, pa nsanza yoyera. Ndinapukuta katatu, nsanza yatsopano ulendo uliwonse, mpaka penti inayamba kulira tswii. Kuseri kwa mapuleti chimodzimodzi. Ukatero usakhudzeponso ndi chala. Mabowo akale a masikuluwu ndinawatseka ndi tizotsekera tapulasitiki.

Kuwongola ndi kumene ndinataya nthawi yambiri, chifukwa guluu ameneyu sapereka mwayi wachiwiri. Ndinabwera ndi levulo yoyezera ngati chinthu chawongoka, aneba anaseka. Pansi pa galaja yawo m'popendekeka, ndipo galimoto ya zaka zoposa 30 siikhala mowongoka pa masipuling'i ake. Diso la munthu woima kumbuyo limayerekeza puleti ndi nyali, osati ndi nthaka. Ndiye ndinayeza kuchokera ku nyali zonse ziwiri, n'kulemba pakati ndi mzere wapamwamba pa tepi yapepala. Kenako ndinaika puleti pamalo pake timapadi tisanasendedwe, n'kuimata ndi tepi m'mphepete mwapamwamba monse kuti izitseguka ngati chitseko cha khola la nkhunda. Ndinaitukula, kusenda timapadi, n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Inagwera pomwe ndinalemba. Timapadi ndinatiimika chotsika, osati chopingasa, kuti madzi amvula azidutsa pakati m'malo modikha pamwamba pake. Paliponse pali padi ndinadinikiza ndi chikhatho mphindi yathunthu.

Kutsogolo kunali kankhani kena. Pokhalira puleti m'pokhota pang'ono, pomwe puleti ndi yowongoka, ndiye pakati pamagunda koma nsonga zimatsala m'malere. Ukaikakamiza kupinda, pulasitiki imalimbana ndi guluu usana ndi usiku mpaka nsonga imodzi idzakanuke. Ndinagula timapadi tokhuthala ta kunsonga, topyapyala n'kuika pakati, kuti puleti ikhale momwe inabadwira. Ukayang'ana cham'mbali pamaoneka kampata, koma ndani amagwada kuti aone zimenezo?

Galimoto inagona m'galaja mpaka Lachiwiri madzulo, maola 72 osaperewera. Lendi yake inali mbale ya nsima ndi nkhuku, yomwe aneba anadya ndi foloko. Lachitatu ndinaitulutsa mvula ikugwa, kudutsa pa hampu ija mwadala, kenako pa msewu waukulu wa M62 liwiro la mamailosi 70 pa ola mpaka ku Huddersfield ndi kubwerera. Nditafika ndinakoka ngodya zonse ndi zala, palibe yagwedera. Yakutsogolo ndikuiona ngati yatsika mamilimita awiri kumanzere. Mayi akuti ndi maso anga, aneba akuti ndi bampala yomwe ili yokhota. Siichokanso, ikhala choncho.

Nditagwada kumbuyo kuja poyeza, ndinaona penti itatupa matuza m'munsi mwa chitseko, kutsogolo kwa tayala lakumbuyo lakumanja, malo omwe ma MX-5 ambiri amadwalira. Ndinabayapo ndi kiyi, kiyi analowa. Aneba akuti makina awo owotcherera akadalipo, koma waya ndikagule ndekha Loweruka likubwerali.