Zikomo amayi a mu minibasi ija

Ndikufuna ndithokoze amayi ena omwe tinakwera nawo minibasi ya Limbe kupita ku Zomba, dzina sindinawafunse nkomwe. Tsikulo ndimachokera ku maliro a bambo, za MSCE nditazitaya kale, achibale akuti basi ungokwatiwa fizi palibe. Atandiona ndikulira anandigulira chimanga chootcha pa Namadzi, kenako anatulutsa kabuku kong'ambika chikuto mchikwama nkuti mwana wanga kawerenge aka. Munali nkhani ya mtsikana wokana banja lomukakamiza, poyamba anandinyansa ndithu ndimati ngwamwano, koma pofika kumapeto ndinaona kuti akunena zanga zomwe. Ndinalimba mtima nkukalankhula ndi amalume, pano ndabwerera Fomu 4. Kabuku kanu ndikusungabe amayi, ndakamata ndi selotepi.