Ukwati wa ku Matero mu C minor

Kiyibodi ya kutchalitchi kwathu ku Matero ndi yokalamba, ndipo pa tsiku la ukwati wa mwana wa mkulu wa mpingo, kiyi ya E yapakati inangoti zii. Nyimbo yolowera mkwatibwi inali mu C major, yomwe chord yake yoyamba (makiyi odinidwa pamodzi) ndi C, E ndi G. Mkwatibwi anali ataima kale pakhomo, choncho chala changa chinasendera pa kiyi yakuda ya kumanzere, E flat.

Oimba amadziwa kuti nkhani yonse yagona pomwepo. Kuchoka pa C kufika pa E pali masitepe anayi, kuwerenga makiyi oyera ndi akuda omwe, pamene kufika pa E flat alipo atatu okha, ndipo sitepe imodzi yosowayo ndiyo imasandutsa major, yomveka mwachimwemwe, kukhala minor, yomveka mwachisoni. Poti ndine munthu wolemekeza malamulo a nyimbo, sindikanasiya ntchito pakati. Ndinatsitsanso A kukhala A flat kuti chord ya F ikhalenso minor, koma chord ya G ndinaisiya ndi B woyera, monga zimakhalira mu harmonic minor, kuti azikokera khutu kubwerera ku C. Kunena zoona, sindinayambe ndaimbapo mwaluso chotero.

Nthungululu zinazima. Kwaya, yomwe inali itazolowera do, mi, so, inapeza mi wake atatsika, ndipo amayi a alto anamutsatira mokhulupirika ndi mawu onjenjemera. Mkwatibwi anayenda pang'onopang'ono atazolika, monga alangizi anamuuzira, zomwe zinangowonjezera chisoni. Agogo ena amene anafika mochedwa anaima pakhomo, namanga chitenje m'chiuno, nayamba kulira mokweza asanafunse kanthu.

Azakhali a mkwati anabwera pamene ndinakhala, nandinong'oneza kuti: "Achimwene, tikatuluka muno tikupita kumadyerero kapena kumanda ku Chingwere?" Ndinayamba kuwafotokozera kuti C minor ali ndi ma flat atatu, koma abusa anali atakweza kale dzanja kuti ndileke.

M'kachetechete ameneyo, kamnyamata ka Sande sukulu kanatambasula dzanja, n'kudina E wina wa kumtunda, makiyi oyera asanu ndi awiri kuchoka pa wakufayo. Analira bwinobwino, mpingo wonse n'kumva.

"Amalume, uyu ndiye ali moyo," kanatero.